Ndege Yoyandama Koma Yokana Kunyamuka: Lipoti la Timabwato Topangira Pakhomo

Mwini ndege ya m'lipoti lino ndi bambo wina wachikulire amene anapuma pa ntchito ya umakaniko, ndipo amakhala kufupi ndi nyanja m'boma la Salima. Ndegeyo ndi ya rimoti, anawatumizira ndi mwana wawo wa ku Johannesburg. Ndi ya phiko lapamwamba, maonekedwe ake a ndege yeniyeni yaing'ono yotchedwa Piper Cub. Kuchokera nsonga ya phiko lina kufika ya linzake ndi mamilimita 1,400, phikolo m'lifupi ndi mamilimita 230, ndipo thupi lake, kuyeza kuchokera pa pulopela mpaka pa mahinjesi a chiwongolero cha kumchira, ndi mamilimita 950. Ikakhala ndi matayala ndi batire imalemera magalamu 1,500. Imayendera mota ya magetsi ya brushless, batire la LiPo la maselo 3 la 2,200 mAh, ndi pulopela ya mainchesi 10.

Pamtunda ndegeyi inalibe vuto. Chosowa chinali pothamangira. Pabwalo la mpira sipatha ana ndi mbuzi, ndipo mchenga wa kugombe umameza timatayala ndege isanathamange n'komwe. Choncho madalawo anaganiza zoti izinyamukira pamadzi, ndipo pokhala munthu wa ntchito zamanja sanadikire wina. Anadula mapaipi awiri a PVC a mamilimita 75, iliyonse yotalika mamilimita 600. Kumbuyo anatseka ndi zivindikiro, kutsogolo anafewetsa pamoto n'kufinya kuti kusongoke. Ntchito yake inali yaudongo, madzi samalowa ngakhale dontho.

"Achimwene, kuyandama ikuyandama," anatero atandiitana. "Koma ndikatsegula moto wonse imangolima madzi, kunyamuka ayi. Mota yachepa mphamvu iyi. Tandipezerani yaikulu."

Ndinawapempha kuti tisagule kanthu tisanaione ili pamadzi.

Zimene zinaoneka pamadzi

Tinaiyika pamadzi m'mawa kuli bata. Itaima inakhala bwino ndithu, mapaipi atamira osafika theka. Atatsegula moto mphuno inadzuka, kumbuyo kwa mapaipi kunatitimira, madzi anayamba kukwera m'mbali mwa mapaipi n'kumathera mu pulopela. Pulopela ikamenya madzi kulira kwa mota kumasintha, umachita kumva kuti ikutsamwa. Liwiro linakwera kufika pena pake n'kuima. Akakoka ndodo ya elevator, kachigawo ka kumchira kokweza ndi kutsitsa mphuno ya ndege, kuti mphuno ikwere, kumbuyo kumamira kwambiri ndege n'kuchepetsa liwiro. Akaileka, nsonga za mapaipi zimabaya madzi, ndege n'kufuna kugwa chamutu.

Pasikelo inalemera magalamu 2,210. Matayala amene anachotsa anali magalamu 110 okha, pamene mapaipi ndi zomangira zake anali magalamu 820. Wattmeter, chida choyezera mphamvu ya magetsi, inaonetsa mawati pafupifupi 300, omwe ndi mawati 135 pa kilogalamu iliyonse. Ndege ya mtundu uwu imauluka ndi mphamvu yochepa kuposa pamenepo. Mota inalibe mlandu.

Mlandu unali wa mimba ya mapaipi. Wokayika atenge supuni, aigwire ndi zala ziwiri kunsonga kuti izilendewera, akhudzitse msana wake ku madzi otuluka pampopi. Supuniyo sithawa, imakokeredwa m'madzimo. Madzi oyenda amamatirira chinthu chokhota n'kuchikoka. Paipi ndi yokhota paliponse, motero liwiro likamakwera ndi pamene madzi akuigwira zolimba. Mota yaikulu ikanangowonjezera kukokako, kuphatikizapo kulemera kwake.

Kabwato ka pansi pa ndege kali ndi ntchito ziwiri zosiyana. Ndege ikaima, kamaisenza poyandama, ndipo ntchito imeneyi botolo lililonse lotseka bwino lingaigwire. Ndege ikathamanga, kayenera kutuluka m'madzi n'kumatsetsereka pamwamba, kakukhudza madzi ndi kachigawo kochepa. Apa m'pamene pamafunika mimba yafulati, m'mbali mwakuthwa, ndi sitepe. Sitepe ndi podukira mimba: chapakati pa kabwato mimba imatha mwadzidzidzi, gawo lakumbuyo n'kuyambira m'mwamba pang'ono. Madzi akafika pakona pamenepo amalephera kukhota nayo, amachoka, mpweya n'kulowa pansi pa gawo lonse lakumbuyo. Ndege imatsala itaponda kamalo kakang'ono patsogolo pa sitepe, ndipo imatha kupendekera kumbuyo kuti phiko ligwire mphepo.

Vutoli silinayambe ndi ife. Henri Fabre wa ku France ndiye anayamba kunyamuka pamadzi ndi ndege, pa 28 Malichi 1910, pa Étang de Berre kufupi ndi Marseille. Patapita zaka ziwiri Glenn Curtiss ku America anapanga ndege ya thupi la boti, ndipo inamukanira pa nyanja ya Keuka mpaka ataiikira sitepe kumimba. Ngakhale zindege za Short Solent za BOAC, kampani ya ndege ya ku Britain ya nthawi imeneyo, zimene zimatera ku Cape Maclear mu 1949 ndi 1950 pa ulendo wochokera ku Southampton kupita ku South Africa, zinali ndi sitepe kumimba. Nditawafotokozera zimenezi madalawo anangoti, "Ndiye pangani tione," ndipo nkhani ya mota inathera pompo.

Panalinso zina zing'onozing'ono. Mapaipi anali aafupi, nsonga zake zimalekera pansi pa pulopela, n'chifukwa chake zimabaya madzi. Anali atatalikirana mamilimita 250 okha, ndipo anamangidwa molingana ndendende ndi pansi pa phiko.

Miyeso ya timabwato tatsopano

Ndinayamba ndi kuyandama chifukwa masamu ake ndi achidule. Lita imodzi ya madzi opanda mchere imalemera kilogalamu imodzi, ndiye kabwato ka malita 2 kangasenze makilogalamu 2, kuwerengera ndi kulemera kwake komwe. Malamulo a FAA, bungwe loyang'anira za ndege ku America, amafuna kuti timabwato ta ndege zenizeni tikhale ndi mphamvu yoyandama yoposa kulemera kwa ndege ndi 80 peresenti, ndipo ine ndinatsata omwewo. Ndimayembekeza kuti ndegeyi idzalemera makilogalamu 1.8. Tonse tiwiri timafunika malita 3.2, kamodzi malita 1.6. Koma ndinalinga pa malita 2, chifukwa nyanja yathu si damu: kamphepo kakakankha phiko cham'mbali, ndege yonse imatsamira kabwato kamodzi.

Opanga ndege zazing'onozi amayeza utali wa kabwato potengera thupi la ndege, pakati pa 70 ndi 80 peresenti ya mtunda wa pa pulopela mpaka pa mahinjesi a chiwongolero. Ndinatenga 75 peresenti ya mamilimita 950, n'kudula pa 710. M'lifupi mamilimita 80, kuya kwake pa sitepe mamilimita 65, pamwamba pafulati kuyambira kumphuno mpaka kumchira kuti pakhale poyezera.

Malo a sitepe ndiwo amafuna mtima pansi. Ndege iliyonse ili ndi CG, malo amene ukainyamula ndi zala ziwiri pansi pa phiko imakhazikika osagwera kutsogolo kapena kumbuyo. Pa ndege iyi CG ili mamilimita 70 kuchokera kumaso kwa phiko. Sitepe ndinaiyika mamilimita 12 kumbuyo kwa CG. Ikapita patsogolo pa CG, ndege imagwera kumchira ikamathamanga n'kuyamba kudumphadumpha. Ikapita kumbuyo kwambiri, mphuno imalemera, umakoka elevator yonse osanyamuka, kenako imachita kulumpha ilibe liwiro lokwanira. Kuya kwa sitepe ndinakuyika mamilimita 10. Pa kabwato ka mamilimita 80 m'lifupi, sitepe yochepera pa 6 kapena 7 imadzaza madzi ndipo siipereka mpata woti mpweya ulowe.

Gawo lakutsogolo linatenga mamilimita 375, lakumbuyo 335. Mamilimita 120 a patsogolo pa sitepe ndinawasiya owongoka, olingana ndi pamwamba pa kabwato, chifukwa pamenepo m'pamene ndege imaponda ikamatsetsereka. Kukhota kokwera kumphuno kumayamba patsogolo pake. Gawo lakumbuyo limayamba ndi kuya kwa mamilimita 55 n'kumachepa mpaka 20 kumchira. Ukaika kabwato patebulo n'kukapendeketsa pa sitepe, mchira umakhudza tebulo katapendekera madigiri pafupifupi 8. Mpata umenewo ndi umene phiko limafuna. Ukachepa, mchira wa kabwato umayamba kukhudza madzi phiko lisanagwire mphepo, ndipo wabwerera ku vuto la mapaipi lija.

Ndi miyeso imeneyi mphuno za timabwato zimapitirira pulopela ndi mamilimita pafupifupi 90. Kutalikirana kwake ndinatenga gawo limodzi mwa magawo anayi a mapiko, mamilimita 350 kuchokera pakati pa kena kufika pakati pa kanzake.

Ena amakonda mimba ya V chifukwa imadula mafunde mofewa komanso imayenda mowongoka. Sindikutsutsa, koma pa ndege yosakwana makilogalamu 2 mimba yafulati imakwera pamwamba pa madzi msanga, ndipo munthu wodula ndi zipangizo za pakhomo angathe kupanga tiwiri tofanana. Kufananako n'kofunika kuposa V.

Kudula ndi kuphimba

Foam yabwino pa ntchitoyi ndi ya buluu kapena ya pinki imene amayala m'makoma ndi m'madenga kumaiko ozizira, koma kuno siipezeka wamba. Tinagwiritsa ntchito yoyera ya timikanda imene imabwera m'makatoni a mafiriji. Si yonse yofanana. Ukaidina ndi chala chachikulu, yabwino imangolowa pang'ono, yofooka imaboola dzenje timikanda n'kuyoyoka. Zidutswa zinali zazifupi, choncho ndinalumikiza ziwiriziwiri ndi guluu wa epoxy wopyapyala, malumikizidwe ake n'kuwaika kugawo lakumbuyo komwe sikumenya madzi.

Kudula ndi mpeni kumang'amba timikanda, ndiye tinapanga uta wa waya wotentha. Ndodo yake nsungwi, waya wake wa nichrome wochokera m'mbaula yamagetsi yakufa, titauwongola, moto wake batire la galimoto. Chenjezo apa ndi loti waya waufupi pa mavoti 12 umafiira nthawi yomweyo n'kuduka. Tinamanga waya wautali, kapanilo kamodzi kunsonga, kenako kuyamba kutali n'kumakasendeza pang'onopang'ono mpaka waya utayamba kulowa mu foam mwakachetechete. Ukamatuluka utsi watentha kwambiri ndipo umasiya mpata waukulu. Ukamakhota m'mbuyo mwa dzanja wazizira. Utsi wake si wabwino, tinadulira pakhonde.

Ndinajambula maonekedwe a m'mbali pa plywood yopyapyala, n'kucheka timatabwa tiwiri pamodzi kuti tifanane, m'mphepete mwake n'kukwecha mpaka waya usamakodwe. Timatabwato tinatikhomera mbali zonse ziwiri za foam ndi timisomali, titalembapo manambala ofanana. Madala anagwira mbali ina, ine ina, tikuwerenga mokweza kuti waya ufike pa nambala iliyonse nthawi imodzi. Pa sitepe timaima kaye kuti pakati pa waya pafike, tisanakhote. Mukapanda kuima, kona imatuluka yobulungira pakati.

Pamwamba pa kabwato kalikonse ndinakumba ngalande n'kumatamo kathabwa ka plywood ka mamilimita 3, koimirira, kotalika mamilimita 500. Ndiwo msana wake. Pamalo awiri omangira miyendo, otalikirana mamilimita 200, ndinamatapo timatabwa tolimba tolandira mabawuti, tolumikizana ndi msanawo. Foam payokha siigwira bawuti. Makona apamwamba ndinawabulungitsa ndi sandipepa, koma apansi sindinawakhudze.

Kumimba kwa gawo lakutsogolo ndinamata plywood ya milimita imodzi, yodutsa m'mbali ndi mamilimita 2 kapena 3 uku ndi uku. Kamlomo kameneka kamagwira ntchito yaikulu: madzi akafuna kukwera m'mbali amagunda pamenepo n'kuwazikira pansi, osafika ku pulopela. Kumapeto kwa plywoodyo pa sitepe ndinakusiya kwakuthwa koti kangakucheke chala. Wina aliyense amene anagwira kabwatoko amafuna kupasalaza pamenepo kuti paoneke bwino, ndipo ndimachita kuwalanda sandipepa.

Pa nkhani ya zophimbira madala anatulutsa chitini cha resin ya polyester imene amakonzera mabodi a galimoto. Ndinawapempha kuti adonthezere pa chidutswa chotsala. Tikuyang'ana, foam inayamba kunyala n'kuboka dzenje loti chala n'kulowa. Resin imeneyi imasungunula foam, chimodzimodzi super glue wamba, petulo, ndi penti yambiri yopopera ya m'zitini. Yosawononga ndi epoxy, koma osati ya mphindi zisanu ya m'machubu, chifukwa ndi yolimba ndipo imauma usanaiyale. Epoxy yamadzimadzi yomatira nsalu, pamodzi ndi nsalu ya fibreglass ya magalamu 50 pa sikweya mita ndi plywood yopyapyala ija, zinabwera pa basi kuchokera kwa mwana wawo.

Kulemera kumabisala pophimba. Nsalu ya kabwato kamodzi siikwana magalamu 10, koma dzanja lopatsa lingathiremo epoxy ya magalamu 60 osazindikira. Ndimayala nsalu youma, kuthira kamzere ka epoxy pakati, n'kumakoka ndi khadi yakale ya ku banki mpaka nsalu itasiya kuyera. Yotsala ndimaichotsa, ndipo pomaliza ndimadinda ndi pepala la kuchimbudzi kuti limwe yonse yonyezimira. Pakaoneka mizere ya nsalu ndiye kuti pali bwino. Kutentha kwa kunyanja kumafulumizitsa epoxy kuuma, choncho timasakaniza pang'onopang'ono m'chivindikiro chafulati. Kumphuno ndi kumimba kwa gawo lakumbuyo ndinaika nsalu kawiri. Penti tinasankha yachikasu. Yakuda imamwa dzuwa foam n'kufufuma mkati, ndipo yachikasu imaoneka patali pamadzi.

Kalikonse kanatuluka magalamu 135, kusiyana kwake kosakwana magalamu 5. Titakaika pamadzi n'kukasenzetsa mabotolo, kanamira katasenza malita 1.8.

Kumanga ku ndege

Miyendo ndi ya aluminiyamu yafulati, mamilimita 15 m'lifupi ndi 2 kukhuthala, yopindidwa kuchoka pathupi la ndege kutsikira uku ndi uku. Yakutsogolo inalowa pamene panali matayala. Yakumbuyo inafuna kathabwa katsopano mkati mwa thupi. Pakati pa timabwato ndinapingasa timachubu tiwiri kuti tisamatanyule ndege ikatera mwamphamvu, ndipo m'mbali ndinamanga waya wa mabuleki a njinga mopingasa kuti miyendo isagwere kutsogolo kapena kumbuyo. Nsonga ya pulopela ili mamilimita 50 pamwamba pa msana wa timabwato.

Poyeza ndinaika timabwato patebulo, levulo pamsana, ndege pamwamba, n'kulendewetsa ulusi womanga nati kuchokera pa chizindikiro cha CG. Ulusiwo umayenera kugwa mamilimita 12 patsogolo pa sitepe mbali zonse ziwiri. Kenako kuyeza kutalikirana kumphuno ndi kumchira. Zikasiyana ndi mamilimita oposa 2, ndege imakhotera mbali imodzi ikafika pa liwiro, ndipo chiwongolero sichiibweza.

Chotsala chinali kupendekera kwa phiko. Ndege ikamatsetsereka pa sitepe, msana wa timabwato umakhala pafupifupi molingana ndi madzi. Ngati phiko nalonso lili molingana ndi timabwato, siligwira mphepo yokwanira. Liyenera kudzutsa kumaso kwake madigiri 2 kapena 3, kutanthauza kuti mwendo wakutsogolo utalikirepo. Popeza miyendo yatalikirana mamilimita 200, digiri imodzi ndi mamilimita 3.5. Ndinasiya mabawuti aatali kutsogolo kuti tizisintha ndi mawashala, ndipo tinayambira pa digiri imodzi.

Zonse zitamangidwa CG inasunthira kumbuyo pang'ono. Mtovu wa magalamu 20 wa asodzi ndinaubisa m'mphuno za timabwato, 10 uku 10 uku, osati m'thupi la ndege. Tsiku lobwezera matayala mtovuwo umachoka ndi timabwato, ndege n'kukhala mmene inalili. Receiver, kachida kolandira uthenga wochokera ku rimoti, tinaiyika mu baluni n'kumanga pakamwa, titaikweza pamwamba m'thupi. ESC, kachida kowongolera liwiro la mota, sitinaikulunge chifukwa imafuna mpweya, tinangomata silicone kumapeto kwake komwe kumatuluka mawaya. Mabowo a pansi pa thupi tinatseka ndi tepi. Ndege yonse inalemera magalamu 1,810, kutsika ndi magalamu 400 poyerekeza ndi ya mapaipi.

Kuyesa

Tinayesa mu Okutobala, mwera utaleka. M'miyezi yozizira mphepo imeneyi ikadzuka ndege yotere ingokhala m'nyumba. Tinapita kutali ndi doko, komwe kulibe maukonde, osamba ndi ochapa, ndipo tinapangana ndi mnyamata wa bwato ndege isanakhudze madzi. Kusambira kutsata ndege m'mabango n'kudziputira likodzo, pena ng'ona. Tinasankhanso malo amene kamphepo kamachokera kunyanja kubwera kumtunda. Umanyamuka moyang'ana mphepo, ndipo mota ikazima ndege imabwera yokha kugombe.

Vuto loyamba linaoneka tisanathamange. Ndege yoyandama imatembenukira kumene kukuchokera mphepo, ndipo pa liwiro lochepa chiwongolero cha kumchira chimalephera kuitembenuza. Ndinadula kachiwongolero ka m'madzi pa pulasitiki yolimba, mamilimita 30 ndi 45, n'kukamanga kumchira kwa kabwato kamanzere, kolumikizidwa ndi kawaya ku chiwongolero chachikulu. Kamalowa m'madzi mamilimita 20 okha. Ndege ikakwera pa sitepe kamatuluka m'madzi, ndipo ndi mmene kayenera kukhalira. Kachiwongolero kotsalira m'madzi pa liwiro lalikulu kangazungulitse ndege kamodzi n'kamodzi phiko n'kubaya madzi.

Kunyamuka kwake kuli motere. Uyang'anitse ndege ku mphepo, ukoke elevator yonse, utsegule moto pang'onopang'ono. Mphuno imadzuka, ndege imakankha chimulu cha madzi, ndipo apa m'pamene ya mapaipi imathera. Iyi inakwera chimulucho m'kanthawi kochepa, mphuno inagwa, madzi owazika anasunthira kumbuyo kwa phiko, liwiro n'kuwonjezeka mwadzidzidzi. Ikafika pamenepa umaleka elevator kuti ithamange. Inathamanga ndithu, koma kunyamuka imachita kukokedwa, ndipo ndikakoka michira ya timabwato imakhudza madzi, liwiro n'kutsika. Inanyamuka ndi mphuno m'mwamba, mapiko akugwedezeka. Digiri imodzi inachepa.

Tinawonjezera mawashala mpaka mwendo wakutsogolo utatalika mamilimita 9, omwe ndi madigiri 2.5, n'kuyezanso ulusi wa CG chifukwa kusintha kumeneku kumasuntha sitepe pang'ono. Ulendo uno inatsetsereka mamita ngati 25 n'kuchoka pamadzi ndi kukhudza ndodo pang'ono chabe, timabwato tikudontha. Ndinayesa kupitirira apo, madigiri 4, kuti ndione malire. Inanyamuka msanga, koma potera mphuno za timabwato ndizo zimayamba kukhudza madzi, ndege n'kugwedezekera kutsogolo. Tinabwerera pa 2.5.

M'mwamba ndege inasintha khalidwe. Timabwato tili ndi mbali yaikulu patsogolo pa CG, ndipo mbali imeneyi imalimbana ndi chipsepse cha kumchira. Pokhota mchira umagwera mkati, ndipo ikawongoka imapukusa mchira kangapo isanakhazikike. Ndege zenizeni monga de Havilland Beaver zikavala timabwato amaziwonjezera zipsepse kumchira pa chifukwa chomwechi. Ndinamata kachipsepse ka plywood ka masikweya sentimita 40 pansi pa mchira, kupukusako n'kutha. Kulemera kwawonjezeka ndi magalamu 310, ndiye liwiro lotsikitsitsa limene ingauluke lakwera ndi 10 peresenti. Ya matayala madala amaitsitsa atazimitsa mota. Iyi ndinawauza kuti azisiya moto pang'ono mpaka sitepe itakhudza madzi, akatero azimitse n'kukoka elevator pang'onopang'ono. Batire limene limawapatsa mphindi 9 tsopano likuwapatsa 7. Mota ndi pulopela sitinasinthe.

Chodabwitsa kwa madalawo chinali tsiku la bata lenileni, nyanja ili zii. Amayesa kuti kudzakhala kosavuta, koma ndege inathamanga mtunda wautali isananyamuke, chifukwa timafunde ndi timene timalowetsa mpweya pansi pa kabwato. Mankhwala ake ndi kuzungulira kamodzi kuti uvundule madzi, n'kunyamuka modutsa m'mafunde ako omwe. Kutera pa madzi osalala n'kovutanso, diso silidziwa pamene pali madzi. Ndi bwino kutsika pang'onopang'ono moto uli woyaka, n'kudikira kuti madzi akhudze okha.

Ndege inagwapo chagada kamodzi, madala akuitembenuza kuti iyende motsata mphepo. Ili pakati potembenuka kamphepo kanalowa pansi pa phiko, kabwato ka mbali inayo kanamira, n'kupidiguka. Ndege ya phiko lapamwamba imatero. Potembenuka cham'mbali mwa mphepo moto ukhale wochepa, elevator yokoka, ndodo ya ma aileron, tizigawo ta kumapiko topendeketsa ndege, yopendekera kumene kukuchokera mphepo. Mnyamata wa bwato ataibweretsa tinachotsa batire nthawi yomweyo, kutsegula zonse, n'kuyanika pamthunzi podutsa mphepo. Receiver inali youma mu baluni. Mota ya brushless siiopa madzi opanda mchere, tinangodontheza mafuta m'maberingi. Servo imodzi ya kumchira, kamota kamene kamasuntha chiwongolero, inalowa madzi n'kumanjenjemera, ndipo inasiya titaitsegula n'kuiumitsa.

Pambuyo pake

Ndinawasiyira lamulo loti akamaliza kuuluka azimasula timabwato nthawi ndi nthawi n'kutiyeza pasikelo. Foam yoyera imamwa madzi m'mipata ya timikanda chikopa chikangoboka, ndipo ndi maso sungaone. Patapita masabata anaimba foni kuti kamanzere kakuposa kanzake ndi magalamu 20, ndipo ndege yayamba kukokera kumanzere ponyamuka. Madzi amalowera pa bawuti yakumbuyo, pomwe kawaya ka kachiwongolero kamagwedeza. Tinamasula bawutiyo, kabwato n'kukhala pamthunzi bowo litayang'ana pansi mpaka sikelo itabwerera pamene inali. Bowolo ndinalikulitsa, kulidzaza epoxy, kuboolanso pakati pa epoxyyo, n'kumanga bawuti ndi silicone. Mabowo ena atatu ndinawachita chimodzimodzi.

Mchenga nawo wayamba kudya kona ya sitepe, chifukwa ana okatenga ndege amaikoka m'malo moinyamula. Penti yatha pamenepo ndipo plywood yayamba kubulungira. Pa ulendo wotsatira ndidzamatapo kachitsulo ka aluminiyamu kopyapyala, mamilimita 10 m'lifupi, kodutsa mimba yonse pa sitepe, ndipo kulemera kwake ndidzakuchotsa pa mtovu wa kumphuno ngati CG ilola.